Chithandizo cha ovulazidwa ndi okondedwa awo m'zipatala za ku Kasungu: chimagwira bwanji bwenzi likakhala mwamuna kapena mkazi mnzako

Mankhwala ake ndi abwino, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Chimene chikuperewera ndi njira yofikira pa mankhwalawo. Umu ndi momwe tikuchionera chithandizo chimene munthu womenyedwa kapena kugwiriridwa ndi wokondedwa wake amapeza m'zipatala za m'boma la Kasungu, tikachiyang'ana ndi maso a mwamuna amene ali pa chibwenzi ndi mwamuna mnzake, mkazi amene ali ndi mkazi mnzake, kapena munthu amene anabadwa mwamuna koma moyo wake amaukhala ngati mkazi. Chithandizochi chinakonzedwa poganizira mayi womenyedwa ndi bambo wa kunyumba kwake, ndipo kwa mayi woteroyo chimayesetsa ndithu. Wina aliyense amalowamo movutikira. Zofooka zimene titchule pano si za chipatala chimodzi kapena namwino mmodzi, zikuchokera m'mene dongosolo lonse linaumbidwira m'dziko muno. Tikukamba za anthu akuluakulu, a zaka 18 kupita m'tsogolo. Nkhani ya mwana ili ndi malamulo ake ndipo imayenda njira ina.

Kuti mumvetse chifukwa chimene odwalawa amafikira mochedwa komanso ndi nkhani yabodza pakamwa, muyenera kudziwa chimene akuopa. Kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi mlandu m'dziko muno: gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, gawo 156 limapereka zaka 5 kwa amuna, ndipo gawo 137A, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limapereka zaka 5 kwa akazi. Mu 2012 boma linalengeza kuti laimitsa kumanga anthu pa milanduyi, koma malamulowo sanachotsedwe, ndipo mu June 2024 khoti lounika za malamulo oyendetsera dziko linakana kuwathetsa. Womenya mnzake amazidziwa bwino zimenezi. Chida chake chachikulu sichikhala chibakera ayi, amangoti "ukakanena, tonse tikalowa", kapena "ndikauza amayi ako ndi abusa", kapena kuonetsa zithunzi zimene anasunga mu foni n'kuopseza kuti aziponya pa WhatsApp. Pa Kasungu boma, ngakhalenso pa Santhe, pa Nkhamenya kapena pa Chamama, pamene wogulitsa mu golosale amadziwa agogo anu, kuyalutsidwa kotero kumatha ntchito, nyumba ya lendi ndi ubale tsiku limodzi. Koma malamulo omwewo amati kumenya ndi kuvulaza munthu ndi mlandu, posatengera kuti womenyedwayo amagona ndi ndani. Gawo 19 ndi 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ulemu ndi chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo ntchito ya namwino ndi dokotala ndi kuchiza, osati kufufuza milandu ya gawo 153.

Cholakwika chachikulu chimachitikira pakhomo penipeni pa chipinda cha adokotala, ndipo ndi nkhani ya gadiyani. Mwambo wathu wa kuchipatala ndi wabwino: wodwala sabwera yekha, pamakhala womugwira dzanja, womuphikira kukhitchini ya magadiyani, womuyankhulira akafooka. Mayi akalowa ndi diso lotupa ali ndi mwamuna pambali, namwino wodziwa ntchito amakayikira msanga n'kumuuza mwamunayo kuti adikire panja. Koma mnyamata akalowa ndi mutu wong'ambika ataperekezedwa ndi mnyamata mnzake, palibe amene amaganiza kawiri. "Ndi achimwene anga." "Ndi mnzanga timachita naye lendi." "Ndi khazeni." Woperekezayo ndi amene amayamba kufotokoza: anagwa pa kabaza, anamenyedwa ndi akuba pochokera kumowa, anamugwera matabwa a chigafa. Wodwala amangogwedeza mutu. Ndipo akagonekedwa, vuto limakula, chifukwa mawodi athu ndi a amuna paokha, akazi paokha. Mwamuna womenya mkazi wake sangagone mu wodi ya amayi, koma mkazi womenya mkazi mnzake amayala chitenje pansi pa bedi lomwelo usiku wonse ngati gadiyani wachifundo, ndipo ndi iye amene amasunga kabuku, foni ndi mankhwala a wodwalayo.

Kukonza zimenezi sikufuna ndalama. Aliyense wobwera ndi bala lokayikitsa aonedwe yekha kwa mphindi zisanu kapena khumi, woperekezayo akhale ndani kaya ndani. Chifukwa chonenera gadiyani chikhale chosadzutsa mkwiyo: "Bambo, tatidikirani panja pang'ono, tikufuna tiwayeze," kapena kumutuma kukatenga madzi akumwa, kapena kumutengera wodwalayo ku chipinda chobayira jakisoni. Lamuloli likakhala la aliyense, palibe amene amadzimva kuti wasankhidwa. Katani yotchinga si chinsinsi, mawu amadutsa. Pamene palibe chipinda chotseka, ndi bwino kusiya funsolo mpaka mutapeza malo kusiyana n'kulifunsa pamzere wa anthu.

Kenaka pamabwera kafunsidwe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu malangizo ake a 2013, silinena kuti wodwala aliyense azifunsidwa za nkhanza, koma kuti afunsidwe pamene zizindikiro zikuloza kumeneko: mabala osagwirizana ndi nkhani yofotokozedwa, mabala akale ndi atsopano pamodzi, kubwera pafupipafupi ndi mutu kapena m'mimba popanda chopezeka, matenda opatsirana pogonana obwerezabwereza, kudumphitsa ma ARV, kusowa tulo, kumwa mowa mopyola. Funso limene lazolowereka ndi lakuti "Akumenyani ndi amuna anu?" kwa mayi, ndipo kwa bambo nthawi zambiri silifunsidwa n'komwe. Funso limeneli limatseka pakamwa, chifukwa yankho loona likufuna kuti munthu ayambe waulula za moyo wake wonse. Lotsegula ndi ili: "Kodi pali munthu amene mumakhala naye, kapena amene mumakondana naye, amene mumamuopa?" Kapena: "Mabala ngati awa timawaona kwa anthu amene apwetekedwa ndi munthu wapafupi. Zakuchitikirani zotere?" Wodwala sakuyenera kutchula dzina, sakuyeneranso kunena ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi kuti athandizidwe. Akanena yekha, nkhope ya wachipatala isasinthe, asaitane mnzake kuti "tabwerani mudzamve izi", ndipo asayambe ulaliki. Wodwala amene walalikidwa tsiku loyamba sabweranso kudzachotsa ulusi, amakauchotsa yekha ndi lezala.

Mbali imene chithandizochi chili champhamvu ndi ya mankhwala, ndipo apa tikhalitsepo chifukwa nthawi ndi imene imapha anthu ambiri mwayi. Munthu akakakamizidwa kugonana, mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kuyamba tsiku lomwelo n'kwabwino kuposa kudikira lachitatu. Amayamba ayezedwa magazi. Akapezeka alibe kachilombo, amapatsidwa piritsi limodzi patsiku kwa masiku 28, la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, lomwe lija ambiri amamwa ngati ma ARV a tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake silisowa kawirikawiri pamalo pamene pali kiliniki ya ma ARV. Chimene chimalakwika ndi ichi: mwamuna wogwiriridwa amanena za kumenyedwa kokha, amasokedwa pamphumi, amapatsidwa panado, n'kubwerera kwawo. Palibe amene wamufunsa ngati anakakamizidwanso kugonana, chifukwa m'maganizo a ambiri mwamuna sagwiriridwa. Pomwe akulimba mtima kubweranso, maola 72 adutsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti iyeyu ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu: kulowedwa kotulukira chimbudzi kumapatsira HIV mosavuta kuposa kakhumi poyerekeza ndi njira ya amayi, ndipo pakakhala kung'ambika chiopsezocho chimakweranso. Choncho funso lakuti "Anakukakamizaninso kugonana?" lifunsidwe kwa aliyense womenyedwa ndi munthu wapafupi, mwamuna ndi mkazi yemwe.

Pa matenda ena opatsirana pogonana, zipatala zathu zimachiza potengera zizindikiro, ndipo mafunso ake ndi a kukha mafinya kumaliseche, zilonda, ndi kupweteka m'chinena. Chinzonono cha kotulukira chimbudzi kapena cha pakhosi nthawi zambiri sichionetsa chizindikiro chilichonse, ndiye wodikira chizindikiro sadzachipeza. Wogwiriridwa apatsidwe mankhwala oteteza ku chinzonono ndi anzake tsiku lomwelo osadikira kuti adwale, ayezedwe chindoko, ndipo katemera wa hepatitis B aperekedwe pamene alipo. Bala lakuya kapena lodetsedwa likufuna jakisoni wa kafumbata. Kuyeza kotulukira chimbudzi kuchitike pokhapokha wodwala wavomera, ndipo cholinga chikhale kuona kung'ambika ndi kutaya magazi. Magazi osasiya, mimba youma ndi yopweteka kwambiri, kapena kutentha thupi pambuyo pake, ndi zizindikiro zoti mwina thumbo labooka, ndipo ameneyo ndi wotumiza ku chipatala chachikulu msanga, osati wopatsa mapiritsi. Kuyeza munthu kumeneko pofuna "kutsimikiza" kuti amagonana ndi amuna anzake kulibe maziko aliwonse a zachipatala, ndipo bungwe la madokotala a dziko lonse la World Medical Association linakutsutsa mu 2017.

Mapiritsi olera a pangozi amaiwalika pa chifukwa china. Mayi akangonena kuti bwenzi lake ndi mkazi, wachipatala amaganiza kuti nkhani ya mimba palibe. Koma amayi ambiri otere ali pabanja ndi amuna chifukwa cha chikakamizo cha abale, ndipo wowagwiririra amatha kukhala mwamuna wapabanjayo atazindikira, kapena mwamuna wina amene akuti akufuna "kuwawongola". Funso ndi lakuti anakhudzidwa ndi umuna kapena ayi. Ngati inde, levonorgestrel wa 1.5 mg amwedwe pasanathe maola 120, makamaka m'maola 72 oyambirira, ndipo akasanza pasanathe maola awiri amwenso. Lupu woikidwa pasanathe masiku 5 amagwiranso ntchito yomweyo, mwamphamvu kuposa mapiritsi.

Pali bala limodzi limene limaphonyedwa kwa onse, koma makamaka kwa amuna: kukanyangidwa pakhosi. Nthawi zambiri khosi silionetsa chipsera. Funsani mwachindunji ngati anafinyidwa pakhosi ndi manja, lamba kapena chingwe, ndipo mvetserani mawu osasa, kuvutika kumeza, timadontho tofiira m'maso, komanso ngati anakomoka kapena kudzikodzera pa nthawiyo. Kutupa kwa m'kati kumatha kubwera patapita maola, choncho munthu wotere ndi wosunga n'kumuyang'anira, osati womubweza usiku. Ndiponso amene wakanyangidwa kamodzi ali pa chiopsezo chachikulu chodzaphedwa ndi munthu yemweyo.

Tsopano kabuku ka kuchipatala. Kabukuka n'kothandiza chifukwa kamayenda ndi wodwala kuchokera ku Kaluluma mpaka ku Kasungu boma, ngakhale ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma kamagona m'nyumba, m'chikwama chimene wina aliyense angatsegule, ndipo kamadutsa m'manja mwa wolemba mayina, wopereka mankhwala ndi gadiyani. Mzere umodzi wolembedwa mosasamala, wonena kuti wamenyedwa ndi chibwenzi chake chachimuna, ungathe kumumenyetsanso munthu madzulo omwewo kapena kusanduka umboni womumangitsa. M'kabuku mulembedwe bala, kukula kwake m'masentimita, malo ake, mankhwala ndi tsiku lobweranso. Tsatanetsatane wa amene anachita ndi momwe zinachitikira apite m'kaundula wotsekeredwa wa pachipatala, m'mawu a wodwala mwini, ndipo wodwalayo auzidwe chimene chalembedwa ndi amene angachione. Kuti munthuyo amakondana ndi ndani si matenda, sikulembedwa pa mzere wa matenda. Botolo la PEP nalonso limaulula: likufanana ndi la ma ARV, ndipo womenyayo akaliona amatha kuyamba ndeu ina kapena kulitaya m'chimbudzi. Kambiranani komwe akalisunge asanatuluke, kaya kwa mnzake wodalirika kaya kuntchito.

Pa nkhani ya polisi chithandizochi chimagwa kwambiri. Anthu ambiri amakhulupirira kuti wovulazidwa ndi munthu sangathandizidwe popanda kalata ya kupolisi, ndipo chikhulupiriro chimenechi chokha chimabweza odwalawa asanafike n'komwe pageti. Kalatayo ndi ya mlandu, kuti lipoti la dokotala likagwire ntchito kukhoti. Kusoka bala, PEP ndi mapiritsi a pangozi siziyenera kuidikira. Njira ya One Stop Centre, imene ku Queen Elizabeth ku Blantyre imadziwika kuti Chikwanekwane, inabweretsa dokotala, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu pamalo amodzi kuti wovulazidwa asazunguliridwe. Kwa mwana ndi kwa mayi wofuna chilungamo, nzeru imeneyi ndi yabwino kwambiri. Kwa mnyamata amene womugwiririra ndi chibwenzi chake chachimuna, wapolisi wokhala chipinda choyandikana ndi chifukwa chothawira. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asakakamizidwe kukanena kupolisi, koma athandizidwe kutero akafuna yekha. Choncho auzidwe poyera kuti angalandire mankhwala onse osaonana ndi wapolisi, ndipo lipoti la mabala lilembedwe bwino n'kusungidwa kuti likhalepo akadzasintha maganizo. Ngati akuganiza zokasuma pa kugwiriridwa, zovala za tsikulo asazichape, azisunge mu pepala la khaki kapena envelopu, osati m'jumbo, chifukwa chinyezi chimawononga umboni. Ndipo ndi nzeru kuyamba waonana ndi loya kapena bungwe loona za ufulu, monga CEDEP kapena CHRR, asanakalembetse sitetimenti, kuti adziwe chimene mawu ake angabweretse.

Ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ntchito yambiri ya nkhanza za m'banja imathera pa kuyanjanitsa: kuitana mbali zonse, nthawi zina ndi ankhoswe, kukambirana, kulonjezana. Chibwenzi chobisika chilibe ankhoswe, ndipo kuitana abale ndiye kuyalutsa komwe womenyayo wakhala akuopseza nako. Lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chikalata choletsa wankhanza kuyandikira, koma kuchipempha kumafuna kufotokoza ubale wanu pamaso pa majisitireti, chinthu chimene ambiri mwa odwalawa sangayerekeze. Apa wachipatala asalonjeze zimene sangakwanitse. Mutu umodzi susenza denga, koma amene aitanidwe kudzasenza nawo asankhidwe ndi wodwala mwini.

Vuto lina ndi lozindikira amene akuzunzidwa. Amuna awiri amsinkhu umodzi akabwera onse ndi mabala, zimalembedwa kuti ndeu, ndipo nkhani imathera pomwepo. Akazi awiri akamenyana, anthu amaseka, amati nsanje za amayi. Kukula thupi, kavalidwe, kapena amene akuoneka "wachimuna" sizikuuzani kanthu. Aoneni padera, ndipo funsani amene akuopa mnzake, amene amasunga ndalama ndi foni ya mnzake, amene anasiya kucheza ndi anzake, amene amapepesa nthawi zonse. Mabala a kunja kwa mikono ndi m'zikhatho amakhala a munthu wodzitchinjiriza, pamene zokanda kumaso ndi m'manja zimatha kukhala pa amene ankakanyanga mnzake. Womenya nthawi zambiri amayankhula momasuka ndi mwaulemu, womenyedwa amaoneka wosokonezeka ndi waukali, ndipo wosazolowera amakhulupirira wolakwika.

Wodwala asanatuluke, kukula kwa ngozi imene alimo kuyezedwe. Buku la WHO la 2014 lili ndi mafunso asanu ndi limodzi: nkhanza zawonjezeka m'miyezi 6 yapitayi, anagwiritsapo chida kapena kuopseza nacho, anamukanyangapo pakhosi, akukhulupirira kuti angamuphe, anamumenyapo ali woyembekezera, ali ndi nsanje yoopsa yosatha. Atatu akayankhidwa inde, kubwerera kunyumba usiku umenewo n'koopsa. Mafunsowa analembedwera amayi omenyedwa ndi amuna, ndiye kwa odwala athuwa onjezerani awa: anaopsezapo kukuululani, ali ndi zithunzi zanu, amakubisirani mankhwala, ndipo pali munthu ngakhale mmodzi amene amadziwa za ubalewu. Funso lomalizali ndi lofunika chifukwa uphungu wozolowereka, wakuti "pitani kwa makolo anu", umatha kumutumiza munthu kumene akamenyedwenso. Pa maesiteti a fodya, pamene nyumba, chakudya ndi malipiro a kumapeto kwa nyengo zonse zili pa dzina la munthu mmodzi, kuchoka kumatanthauza kusiya thukuta la chaka chonse fodya asanapite kumsika wa fodya wa Chinkhoma, ndipo munthu akasankha kudikira si kupusa. Muthandizeni kukonzekera: ndalama ya minibasi yobisidwa, chiphaso cha unzika ndi mankhwala zikhale pamalo amodzi, nambala imodzi yoloweza pamtima, ndi mawu achinsinsi ouza mnzake kuti zinthu zavuta. Mufunseninso mosazungulira ngati waganizapo zodzipha. Funsoli silimuika munthu maganizowo, ndipo akavomera, mankhwala a kumunda ndi a m'nkhokwe achotsedwe pafupi naye ndipo aonane ndi wachipatala wa matenda a maganizo tsiku lomwelo.

Kubweranso ndi kumene odwala ambiri amatayika. Dongosolo labwino ndi pakatha masabata awiri, mwezi umodzi, miyezi itatu ndi miyezi isanu ndi umodzi, kuti aonedwe mabala, momwe akumwera PEP, ayezedwenso HIV, ndi kuona momwe mtima ulili. Kasungu ndi boma lalikulu, la anthu opitirira 800,000, ndipo wochokera ku Chulu kapena ku Simlemba amalipira kabaza ndi galimoto ulendo uliwonse. Ambiri amasankhanso dala chipatala chakutali kuthawa mlangizi wa zaumoyo amene ndi mnansi wawo. Zipatala za mishoni za CHAM zimakhala ndi bata komanso mizere yaifupi, koma zambiri mwa ntchito zake ndi zolipira. Chifukwa cha zimenezi, PEP yense wa masiku 28 aperekedwe tsiku loyamba, osati wa sabata imodzi. Kuimbira foni kapena kutumiza uthenga kuchitike pokhapokha wodwala wanena kuti foniyo ndi yake yekha.

Khomo limene likugwira bwino kuposa onse ndi la kiliniki ya ma ARV ndi yoyezera magazi. Kumeneko kuli zipinda zotseka, alangizi anazolowera kusunga chinsinsi, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limawamanga pa chinsinsicho, ndipo ndondomeko ya dziko yolimbana ndi HIV imatchula amuna ogonana ndi amuna anzawo ngati gulu lofunika kufikiridwa. Komanso asanapemphe munthu kuti atchule ogonana nawo kuti akayezedwe, amayenera kumufunsa ngati wina mwa iwo angamuchite nkhanza, ndipo akavomera, ameneyo safikiridwa. Funso limeneli likamafunsidwa mofatsa, osati mongochonga pa fomu, limagwira nkhanza zambiri zimene ku OPD, koonera odwala osagonekedwa, zimadutsa. Kufooka kwake n'kwakuti akazi okondana ndi akazi anzawo sawerengedwa m'magulu amenewa, ndiye alibe khomo lawolawo, ndipo ntchito zambiri za mabungwe zothandiza magulu otere zinagwedezeka thandizo la dziko la America litaimitsidwa kumayambiriro kwa 2025.

Kwa inu amene mukufuna chithandizochi: pitani msanga, nenani kuti mukufuna kuonana ndi adokotala muli nokha, ndipo ngati munakakamizidwa kugonana tchulani PEP ndi dzina lake komanso tsiku ndi ola limene zinachitika. Simukukakamizidwa kutchula amene anakupwetekani. Pemphani kuona zimene zalembedwa m'kabuku musanatuluke. Nambala ya 5600 ndi yaulere ya nkhani za nkhanza, ndipo mungathe kufunsa uphungu osapereka dzina. Wachipatala akakunyozani kapena kuulula nkhani yanu, dandaulo limapita kwa Hospital Ombudsman, wolandira madandaulo wa pachipatalapo, ku Medical Council of Malawi ngati ndi dokotala kapena clinical officer, ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati ndi namwino, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Lembani tsiku, nthawi ndi chipinda chimene zinachitikira mukadali kukumbukira, chifukwa ndi zimene adzayambe kukufunsani.